Nkhokwe ndi Lichero: Kuunika Mawu a Zipangizo za Kompyuta

1. Gwero la nkhaniyi

Posachedwapa tinalandira kalata yochokera kwa mphunzitsi wina wa m'dera la Mfumu Ngokwe, m'boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Makolo a pasukulu yake anasonkherana ndalama zogulira kompyuta imodzi ya padesiki, yoti izilembera mayeso ndi kusunga mayina ndi malikisi a ophunzira. Wamalonda wina wa ku Balaka anawapatsa mndandanda wa zipangizo zomangira kompyutayo, koma mndandandawo unali m'Chingerezi. Popeza ndalama zinali za makolo, a komiti ya sukulu anaumirira kuti amve bwinobwino chimene akugula. Motero mphunzitsiyo anakhala pansi namasulira mndandanda wonsewo m'Chichewa pa masamba awiri, ndipo masambawo ndiwo watitumizira kuti tiwaunike.

Taona kuti n'kwabwino kuyankha poyera, pakuti zovuta zimene mnzathuyu anakumana nazo ndi zomwezo zimene alembi, akonzi ndi aphunzitsi ambiri akukumana nazo masiku ano. Tiyambe ndi kumuyamikira. Ambiri a ife tikadangowerenga Chingerezicho pamaso pa makolo n'kunena kuti zinthu zotere sizimasulirika. Iye sanatero. Anakhulupirira kuti Chichewa chingathe kusenza katunduyu, ndipo m'malo ambiri anachisenzetsa bwino.

Pounika ntchito yakeyi tagwiritsa muyeso umodzi. Liwu la luso lililonse tiliyese ndi funso ili: kodi munthu amene wagwira ndalama m'manja angathe kusiyanitsa nalo zinthu ziwiri zimene ziyenera kusiyanitsidwa? Kukoma kwa liwulo m'khutu kumabwera pambuyo. Zipangizo za kompyuta zimachokera kunja, ndipo mtengo wake unakwera kwambiri pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023. Sukulu ya kwa Ngokwe ikagula chipangizo cholakwika, ulendo wokabweza ngwautali, wodzera pa Ntaja ndi pa Liwonde, ndipo makolo sangasonkhenso kachiwiri chaka chomwecho.

2. Malo osungira zinthu awiri

Cholakwa chachikulu pa pepalali chili pa mizere iwiri yoyandikana. Mzere wina ukuti, "malo osungira zinthu, 8 GB." Wotsatira wake ukutinso, "malo osungira zinthu, 256 GB." M'kalata yake mphunzitsiyo akuvomereza kuti atawerenga mizereyi, mayi wina wa m'komiti anafunsa chifukwa chimene sukulu ilipirire kawiri chinthu chimodzi, napempha kuti malo ochepawo achotsedwe kuti ndalama zitsaleko. Mayiyo sanalakwe. Anamva bwino lomwe Chichewa chimene anamuwerengera, ndipo Chichewacho ndicho chinamusokeretsa.

Mzere woyamba ukunena za chipangizo chotchedwa RAM, pamene wachiwiri ukunena za SSD. Ntchito za ziwirizi n'zosiyana kotheratu. SSD, monganso hadidisiki imene inayamba kukhalako, imasunga makalata, zithunzi ndi mapulogalamu ngakhale kompyuta itazimitsidwa. RAM imagwira zokhazo zimene kompyuta ikugwirapo ntchito pa nthawiyo, ndipo magetsi akangozima zonse zimene zinali m'menemo zimafufutika. Kompyuta yopanda RAM siyamba n'komwe kugwira ntchito, ndipo ya RAM yochepa imachedwa mpaka kutopetsa mwini wake.

Ena amathawira ku liwu lobwereka lakuti "memori", koma liwuli linatengedwa kale. Munthu akati "memori khadi" amanena kakhadi ka m'foni kosungira nyimbo ndi zithunzi, kamene sikataya kanthu foni ikazima. Tsono liwu limeneli likaikidwa pa RAM limapereka tanthauzo lotsutsana ndi choonadi. Taonaponso alembi ena akuyesa "chikumbumtima" ndi "chikumbutso". Loyambalo ndi la mtima wotsutsa munthu akachimwa, lachiwirilo ndi la chinthu chokumbukira nacho wina kapena tsiku lina. Onse awiri sakunena ntchito ya chipangizochi.

Ife tikuganiza kuti yankho lili pakhomo pomwepo. Chimanga chimakhala m'nkhokwe chaka chonse, koma mayi akafuna kupeta sapetera m'nkhokwemo. Amatapa chokwanira nthawi imeneyo, naika m'lichero. Lichero likachepa, ntchito imachedwa ngakhale nkhokwe ikule chotani, pakuti mayiyo adzapeta pang'onopang'ono, maulendo ambirimbiri. Akatsiriza, licherolo limatsala lopanda kanthu, koma nkhokwe ili chikhalire. SSD ndi hadidisiki ndizo nkhokwe ya kompyuta, ndipo RAM ndilo lichero lake. Kwa anthu a kwa Ngokwe fanizoli silingakhale lachilendo, popeza ambiri kumeneko amayankhula Chiyao, ndipo m'Chiyao nkhokwe amaitcha ngokwe. Mayi uja akadamva kuti akupemphedwa kulipira nkhokwe ndi lichero, sakadanena kuti lichero lichotsedwe.

Tichenjeze pamenepa. Sitikunena kuti malembo akuti RAM ndi SSD afafanizidwe. Wogula ayenera kukatchula mayina amenewa m'sitolo, pakuti ndiwo olembedwa pa katoni. Mlembi alembe dzinalo monga liliri, kenaka aliperekeze ndi Chichewa chofotokoza ntchito yake. Aonjezenso kuti nkhokwezi zili mitundu iwiri. M'hadidisiki muli timbale tozungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi imodzi, pamene mu SSD mulibe chozungulira chilichonse, ndipo chifukwa cha ichi SSD imafulumira ndiponso imapirira kugwedezeka kwa pamsewu wa fumbi. Mawu akuti "malo osungira zinthu" anabisanso kusiyana kumeneku.

3. Ubongo wa kompyuta

Pa mzere wa pulosesa mnzathuyu walemba kuti, "ubongo wa kompyuta, Core i5." Mawu akuti "ubongo wa kompyuta" afala kwambiri m'makalasi, ndipo sitikana kuti amakopa. Vuto lake n'lakuti ubongo wa munthu umaganiza ndiponso umakumbukira, pamene pulosesa sisunga makalata a munthu. Ntchito yake ndi kuwerengera ndi kutsata malangizo a pulogalamu, limodzi ndi limodzi, mofulumira koposa. Wophunzira amene wauzidwa kuti pulosesa ndi ubongo amayamba kuganiza kuti mayeso amene analembedwa dzulo ali m'menemo, ndipo chisokonezo chimene tachiona pamwambapa chimabwereranso pa khomo lina. Potsata fanizo lathu, pulosesa ndiye wopeta uja. Komabe liwu lobwerekali lakhazikika kale m'kamwa mwa amisiri, choncho tilisunge, ndipo pofotokoza tiziti "chipangizo chowerengera ndi kutsata malangizo".

Chotidetsa nkhawa kwambiri pa mzerewu ndi chimene chasowapo. Pa mndandanda wa Chingerezi, umene mphunzitsiyo anatitumiziranso, dzinali linatsatidwa ndi manambala anayi. Womasulira anawasiya, mwina poyesa kuti ndi manambala a m'kaundula wa sitolo. Komatu manambala amenewo ndiwo amanena m'badwo wa pulosesa. Kampani ya Intel inayamba kugulitsa mapulosesa otchedwa Core i5 mu 2009, ndipo dzinalo lapitirira mibadwo yambiri. Core i5-6500 ndi wa m'badwo wachisanu ndi chimodzi, wa mu 2015. Core i5-8500 ndi wa m'badwo wachisanu ndi chitatu, wa mu 2018. Core i5-12400 ndi wa m'badwo wakhumi ndi chiwiri, wa mu 2022. Kungoti "Core i5" kuli ngati kutchula mfunda wa munthu osanena ngati ndi gogo kapena mdzukulu.

Nkhaniyi si yachabe. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna, mwa zina, RAM yosachepera 4 GB, nkhokwe yosachepera 64 GB, ndi pulosesa ya Intel yoyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, kupatulapo mitundu yowerengeka. Makompyuta ambiri ogwiritsidwa kale ntchito amene amalowa m'dziko muno ndi a mibadwo yakale, ngakhale maonekedwe awo ali okongola. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Phunziro kwa akonzi n'lakuti pomasulira nkhani za luso, nambala ndi mbali ya dzina, ndipo siidulidwa pofuna kufupikitsa mzere. Liwu lakuti "m'badwo" n'lathulathu, n'lomveka, ndipo tikulilimbikitsa.

4. Bolodi la mayi

Mzere wachinayi ukuti, "bolodi la mayi." Apa womasulira anatenga liwu la Chingerezi, naligawa pawiri, namasulira chidutswa chilichonse pachokha. Chotulukapo chake ndi mawu amene Mchewa aliyense angawamve ngati bolodi la mayi wina wa pasukulupo. Kuonjezera apo, kwa mphunzitsi ndi wophunzira bolodi ndi lolembapo ndi choko. Kumasulira kotsata zidutswa za liwu ndiko msampha umene umakola alembi ambiri, ndipo tiyenera kuupewa. Amisiri a m'misika amati "mazabodi". Ife tikuti liwuli lilandiridwe, ndipo pofotokoza tiziti ndi "thabwa limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo".

Pansi pa mzerewu pali chiganizo chakuti, "zipangizo zonsezi zimagwirizana." Mneni wakuti "kugwirizana" ngwotambalala kwambiri pa nkhani yotere. Chimene wogula afunika kudziwa n'chakuti kodi chipangizo ichi chingalowe m'malo ake pa thabwalo. RAM ya mtundu wa DDR4 ndi ya DDR5 zimaoneka zofanana kutalika, ndipo pa kompyuta ya padesiki zonse zili ndi timano 288, koma kampata kake kali pa malo osiyana, kotero kuti ina singalowe m'malo a inzake. Chimodzimodzinso pulosesa. Ya AMD yopangidwira chikhazikiro cha AM4, chimene chinatuluka mu 2016, singakhale pa chikhazikiro cha AM5 cha mu 2022, ndipo ya Intel singakhale pa chilichonse cha ziwirizi. Aliyense amene anagulapo zipangizo za njinga amadziwa kuti chubu sichilowa m'tayala lililonse. Tsono tikuganiza kuti mneni woyenera ndi "kulowana", ndipo funso lofunsa wogulitsa likhale lakuti, "Kodi pulosesa iyi, RAM iyi ndi mazabodi iyi zikulowana?"

5. Chosungira magetsi

Cholakwa chachiwiri pa kukula kwake chili pa mzere wa magetsi. Kabokosi kamene kamakhala m'kati mwa kompyuta, kamene amisiri amakatcha "pawa sapulayi", kamasuliridwa kuti "chosungira magetsi". Kabokosi kameneka sikasunga magetsi. Kamalandira magetsi a pakhoma, amene kuno kwathu ndi a mavoti 230, ndi kuwasandutsa a mavoti 12, 5 ndi 3.3, n'kuwagawira ku zipangizo zonse. Dzina loyenera ndi "chogawa magetsi". Chosungira magetsi chenicheni ndi chipangizo china, chokhala panja pa kompyuta, chotchedwa UPS. M'kati mwake muli batire, ndipo magetsi akazima chimapereka mphindi zingapo zoti munthu asamutse ntchito yake kuchoka m'lichero kupita m'nkhokwe, nazimitsa kompyuta mwadongosolo.

Pa mndandanda wa wamalonda uja UPS panalibe. Koma a komiti, atamva mawu akuti "chosungira magetsi", anakhulupirira kuti kompyuta yawo idzapitiriza kugwira ntchito magetsi akazima. M'dziko muno palibe amene afunika kuuzidwa kuopsa kwa chikhulupiriro chotere. Tonse tikukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nilitaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima mwadzidzidzi, mayeso amene mphunzitsi anali kulemba amatayika, ndipo nthawi zina nkhokwe imene imaonongeka. Liwu limodzi lolakwika likadachititsa sukulu kusiya chipangizo chimene chikufunika kwambiri kumeneko. Ndiponso kumene sukulu imadalira magetsi a dzuwa, mlembi asaiwale kulemba mawati amene kompyuta ndi sikirini yake zimadya, kuti mmisiri aone ngati mabatire angakwanitse.

6. Za kalembedwe

Pa masamba awiri okhawa liwu limodzi lalembedwa mwa njira zitatu: "kompyuta", "komputa" ndi "kompiyuta". Ife tikuvomereza loyambalo. Ena amatsutsa ponena kuti malembo a "py" ndi achilendo, koma tili nawo kale m'mawu monga "kupyola" ndi "kupyapyala". Enanso amati pambuyo pa "m" payenera kubwera "ph", monga mu "mphasa" ndi "kupempha". Zimenezo n'zoona pa mawu athuathu, koma mawu obwereka monga "kampani", "sitampa" ndi "pampu" anakhazikika popanda "h", ndipo "kompyuta" ikungotsata anzakewo.

Lamulo lodziwika la "l" ndi "r" laswedwa kangapo. Lembo la "r" limadza pambuyo pa "e" ndi "i", ndipo kwina konse timalemba "l". Choncho tilembe "pulosesa" ndi "pulogalamu", osati "purosesa" ndi "purogaramu". Tilembe "sikirini", pakuti "r" watsatira "i". Makina osindikizira angalembedwe "pulinta" kapena "pirinta" malinga ndi katchulidwe, koma "purinta", monga pepalali lalembera, laphwanya lamulo. Mwa lamulo lomweli, liwu lija lakuti "memori" liyenera kulembedwa "memoli" ndi amene afuna kuligwiritsa pa kakhadi ka m'foni. Mayina a makampani ndi a katundu wawo, monga Intel, AMD ndi Windows, asiyidwe monga eni ake amalembera.

Agwirizanitsi nawo asokonezeka. Pa tsamba loyamba tikuwerenga "pulosesa wamphamvu", pa lachiwiri "pulosesa yake". Mlembi asankhe gulu limodzi la dzina ndi kukhala momwemo. Mayina a makina obwereka ambiri amatsata njira ya "galimoto yanga, magalimoto anga" ndi "injini yake, mainjini ake". Tikuganiza kuti "kompyuta", "pulosesa", "sikirini" ndi "kiyibodi" zitsate njira yomweyo.

Pali kanthu kena kooneka kochepa. Pa mzere wina womasulira walemba "Gb" m'malo mwa "GB". Lembo lalikulu "B" limaimira bayiti, laling'ono limaimira biti, ndipo bayiti imodzi ili ndi mabiti 8. Mkonzi amene wachepetsa lembo limeneli wachepetsa katundu kasanu ndi katatu. Pa zizindikiro za miyeso, lembo lalikulu ndi laling'ono sizisinthanitsidwa pofuna kukongoletsa tsamba.

Pomaliza pa gawoli, mnzathuyu watcha kachipangizo kolozera pa sikirini kuti "mbewa". Ena amati "mausi". Ife sitikuona cholakwa pa onse awiri, pakuti palibe amene angagule chinthu cholakwika chifukwa cha liwu limeneli. Pamene palibe choopsa, chiyankhulo chisiyidwe chisankhe chokha. Khama lathu lipite pamene liwu lingataye ndalama za makolo.

7. Mawu otsiriza

Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973, nakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchitoyi inapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba kuyambira mu 1996. Malamulo a mu 1990 analembedwa pamene kompyuta inali chinthu cha m'maofesi owerengeka a m'mizinda, komabe taona kuti akukwanira kutitsogolera pa kalembedwe ka mawu atsopanowa. Chimene malamulo sangatichitire ndi kusankha tanthauzo. Anzathu a Chiswahili anapanga liwu lakuti "tarakilishi", koma anthu ambiri amangoti "kompyuta". Izi zikutiphunzitsa kuti kulimbana ndi liwu lobwereka limene lakhazikika kale sikupindula kwenikweni, ndipo mphamvu zathu tizisungire malo amene anthu akusokonezeka.

Potsata zimene tafotokozazi, mizere ya pepala la kwa Ngokwe tikadailemba motere:

Pulosesa, chipangizo chowerengera ndi kutsata malangizo: dzina lonse pamodzi ndi manambala a m'badwo wake.

RAM, lichero la kompyuta: 8 GB, ndi mtundu wake, DDR4 kapena DDR5.

SSD, nkhokwe ya kompyuta: 256 GB.

Mazabodi, thabwa lolumikizirapo zipangizo zonse: wogulitsa atsimikize kuti ikulowana ndi pulosesa ndi RAM.

Chogawa magetsi: mawati ake alembedwe.

UPS, chosungira magetsi: sichili pa mndandanda, ndipo a komiti akambirane zochionjezera.

Mawu amenewa tawapereka kuti ayesedwe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tikupempha aphunzitsi a phunziro la kompyuta, akonzi a nyuzipepala ndi amisiri a m'misika ya Liwonde, Balaka ndi kwina kuti awagwiritse pamaso pa anthu amene sanagwirepo kompyuta, ndipo atilembere kutiuza pamene anthuwo anamva ndi pamene anadodoma. Kwa mphunzitsi wa kwa Ngokwe tikuti zikomo, ndipo tikumupempha kuti awerengenso pepala lokonzedwali pamaso pa komiti yake ndalama zisanaperekedwe.